Kuchotsa otomatiki n'kuika manyuwo: si galimoto iliyonse ingabweze ndalama yake

Pa katundu yense wa galimoto amene amagulitsidwa ku Biwi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, giyabokosi ya manyuwo ya Toyota ndi imodzi mwa zinthu zomwe wogulitsa sanyengerera nazo kasitomala. Akatchula mtengo watchula. Wogula akayamba kunenerera, mwini shopu amangomuuza kuti akayendeyende kaye, chifukwa akudziwa kuti kukada asanaipeze kwina abweranso. Amene akuifunafuna ambiri si oti yawo ya manyuwo yafa ayi. Ndi eni galimoto za otomatiki amene atsimikiza mtima kuti achotse giyabokosi imene galimoto inabwera nayo, aike ya klachi.

Gwero la malondawa ndi losabisika. Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya m'dziko muno zinagwirapo kale ntchito ku Japan, zinakwera sitima mpaka padoko la Dar es Salaam, n'kulowera pachipata cha Songwe. Ku Japan kumeneko pafupifupi galimoto zonse zing'onozing'ono zimagulidwa zili za otomatiki, ndipo kuyambira 1991 munthu amatha kutenga laisensi yoyendetsera otomatiki yokha. Woitanitsa galimoto akafuna ya manyuwo amasakasaka nthawi yaitali, ndipo akaipeza nthawi zina mtengo wake umakhala wokwererapo. Mapeto ake amaitanitsa yomwe ilipo, n'kudziuza kuti za giya akaziona ikafika.

Zifukwa zimene eni galimoto amapereka si zopeka. Batire likafooka pamudzi pomwe palibe galimoto ina, ya manyuwo anyamata anayi amaikankha n'kulira, pamene ya otomatiki imagona pomwepo. Klachi ikatha ku Jenda kapena ku Nchalo, makaniko wapansi pa mtengo amatsitsa giyabokosi m'mawa, madzulo galimoto ili pamsewu. Otomatiki ikayamba kuterereka, amakaniko odziwa kuitsegula n'kuibwezera mwakale ndi owerengeka, ndipo ambiri amangonena kuti pagulidwe ina. Ngakhale kuikoka kumafuna nzeru, popeza otomatiki ikakokedwa mtunda wautali matayala ake oyendetsa ali pansi, injini ili chete, mkati mwake mumauma chifukwa pampu ya oyilo imazungulira pokhapokha injini ikulira. Munthu wa minibasi kapena wa takisi amene chakudya cha ana ake chimachokera pa galimoto imodzi ali ndi chifukwa chomveka chofunira chinthu chomwe angachikonze paliponse.

Komabe ntchito imeneyi yafika poti ikuchitidwa mwachisawawa, ndipo amene akupindula kwambiri ndi wogulitsa masipeya, osati mwini galimoto. Pali kagulu kochepa ka galimoto komwe kusinthaku ndi malonda anzeru. Pa zina zonse, mwini wake akulipira kawiri: koyamba pogula zipangizo, kachiwiri pokonza zomwe zaonongeka chifukwa cha kusinthako.

Cholakwika choyamba chimachitika giyabokosi yakale isanatsitsidwe n'komwe. Galimoto ikangoyamba kuchedwa kusintha magiya kapena kugunda polowa mu D, chigamulo cha pagalaja chimafulumira: "Yatha iyi bwana, ingoikani manyuwo." Koma zizindikiro zomwezo zimabweranso oyilo akachepa, sefa yamkati ikatsekeka ndi zinyalala, solenoid imodzi ikafa, kapena sensa yowerenga liwiro ikasiya kutumiza uthenga. Zonsezi mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa giyabokosi. Palinso vuto lina lomwe ambiri salidziwa. Oyilo wa otomatiki amadutsa m'kapaipi kamkati mwa radiyeta kuti azizire, ndipo kapaipiko kakabooka madzi amasakanikirana ndi oyilo, n'kukhala ngati mkaka wofiirira. Woika giyabokosi ina ya otomatiki osasintha radiyetayo amaipha nayonso, kenako n'kumalengeza kuti otomatiki ndi zosalimba. Kulipira munthu wa makina oyezera kuti alumikize kompyuta yake n'kuwerenga zomwe galimoto ikudandaula ndi ndalama yochepetsetsa pa nkhani yonseyi, koma ndi imenenso anthu amaumira nayo kwambiri.

Kunena mosapsatira, otomatiki zambiri kuno zimaphedwa ndi oyilo wolakwika ndi katundu wopyola muyeso. Pamsika oyilo aliyense wofiira amatchedwa ATF, ndipo wogulitsa amatunga m'chigubu chimodzi kupatsa wa Corolla, wa Sienta ndi wa Nissan. Chonsecho giyabokosi ya magiya anayi ya U340E, imene ili mu Corolla ndi Probox zakale za injini ya 1NZ, ili ndi oyilo wake, T-IV, pamene Toyota zina zapambuyo pake zimafuna WS. Za CVT, zomwe zilibe magiya enieni koma lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, zimafuna oyilo wina kotheratu: TC kapena FE ku Toyota, NS-2 kapena NS-3 ku Nissan. Kuthira ATF wamba mu CVT n'kuyamba kuikumbira manda, chifukwa lamba uja amayamba kuterereka n'kukanda mapule. Onjezani pamenepo anthu khumi ndi matumba a chimanga m'galimoto yopangidwira anthu asanu ndi awiri, pa kutentha kwa ku Chikwawa mu Okutobala. Mwini galimoto amene sanasiye khalidwe limeneli akaika manyuwo adzangosamutsa vuto. M'malo mwa giyabokosi adzakhala akugula klachi, mashoko ndi mabeling'i.

Tsono zikapezeka kuti otomatiki yafadi, pamafunika kuwerenga bwino zomwe zikugulidwa, chifukwa mtengo umene wogulitsa amatchula poyamba ndi wa giyabokosi yokha. Kumbuyo kwa injini ya otomatiki kumakhala chimbale chopyapyala chomangirirapo torque converter. Chimenechi chimachoka, pamalo pake pamabwera flywheel, yomwe ndi yokhuthala ndi yolemera, ndipo imafuna mabawuti ake ataliatali. Makaniko wofuna kupulumutsa ndalama amamanga flywheel ndi mabawuti aafupi a chimbale chakale, ogwira ndi mano ochepa chabe, ndipo chitsulo cholemera chotero chikamasuka injini ili pa liwiro chimaswa chilichonse chomwe chili pafupi. Pa flywheel pamabwera clutch plate, pressure plate ndi release bearing. Izi ndi bwino kugula zatsopano ngakhale giyabokosi ili yakale, chifukwa kuzisintha pambuyo pake ndiye kutsitsanso giyabokosi yonse n'kulipiranso makaniko. Kenako pakufunika master cylinder, slave cylinder ndi paipi yake, chopondera klachi ndi chitsulo chake chomangira, chopondera buleki chaching'ono popeza cha otomatiki ndi chotambalala, ndodo ya giya pamodzi ndi makebulo ake, komanso pulasitiki yapakati pa mipando kuti pasakhale chibowo choonetsa msewu.

Mndandanda sunathe. Pa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, mashafuti opita kumatayala kawirikawiri amasiyana utali kapena mano ake pakati pa otomatiki ndi manyuwo. Mamaunting'i ogwira giyabokosi amasiyana. Pa galimoto zina ngakhale sitata imasiyana. Pa zokankha ndi matayala akumbuyo monga Hiace, propshaft imasiyana utali, chitsulo chopingasa chonyamula giyabokosi chimakhala pamalo ena, ndipo kumapeto kwa crankshaft kumafunika kabeling'i kakang'ono kogwira nsonga ya shafuti ya giyabokosi. Kabeling'i kameneka ndi kotsika mtengo kuposa zonse zomwe zatchulidwazi, koma kakaiwalika giyabokosi imayamba kulira ndi kudya mabeling'i ake pasanapite nthawi. Propshaft yodulidwa n'kuwotchereredwa pongoyeza ndi maso imanjenjemeretsa galimoto yonse ikafika pa liwiro, n'kumatha ma oil seal ndi mabeling'i a difu. Difu nayonso nthawi zina imakhala ya mano osiyana, moti galimoto imatha kumalira kwambiri pa 80 kapena kumalephera chitunda chomwe kale inkakwera bwinobwino.

Apa mpamene pali lamulo limodzi lomwe likanatsatidwa, theka la madandaulo likanatha: zonse zichokere m'galimoto imodzi. Wogula apeze galimoto ya manyuwo ya mtundu womwewo, ya injini yomweyo, yochita ngozi kumbuyo kapena yodulidwa pakati imene amalonda amaitcha half-cut, n'kugula zonse pamodzi, kuyambira giyabokosi mpaka mawaya ndi kompyuta. Mtengo wake umaoneka woopsa pa tsiku loyamba, koma ndi wotsika poyerekeza ndi kutola chimodzichimodzi, flywheel ku Limbe, makebulo ku Mzuzu, mashafuti kudikira munthu wochokera ku Johannesburg, galimoto ili pamiyala mwezi wathunthu. Dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto silikwanira. Corolla ndi RunX zopangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 2000 zambiri ndi za manyuwo, ndipo n'zosavuta kuzipeza, koma zinkatuluka ndi injini za banja la ZZ, pamene Corolla ya ku Japan yofala kuno, NZE121, ili ndi 1NZ. Pakamwa pa giyabokosi pomangira ku injini sipafanana. Wogula atenge nambala ya chasisi ndi dzina la injini polowa m'shopu, ndipo ngati n'kotheka makaniko amene adzagwire ntchitoyo akhalepo pogula. Zopondera ndi makebulo zichokere m'galimoto ya chiwongolero chakumanja. Za chiwongolero chakumanzere, zomwe zimapezeka m'makontena ena ochokera ku Dubai kapena kuchokera kutsidya ku Congo, sizikhala popanda kudula ndi kupinda.

Zitsulo zikamangidwa, ntchito imaoneka ngati yatha, ndipo amakaniko ambiri amathera pomwepo. Komatu zoopsa zenizeni zili ku mawaya. Galimoto ya otomatiki ili ndi swichi yoletsa sitata kuzungulira pokhapokha ndodo ili pa P kapena N. Giyabokosi ikachoka swichiyo imapita nayo, ndipo galimoto siilira. Njira yachidule ndi kulumikiza mawaya awiri aja mpaka kalekale. Galimoto imaliradi, koma tsopano ikulira ngakhale ili m'giya. Kondakitala wotumidwa kukatenthetsa injini m'mawa atayimirira panja, kapena mwana wosewera ndi kiyi pakhomo, akhoza kuilumphitsa minibasi kukagunda amene ali kutsogolo, ndipo pa depoti kutsogolo kwa minibasi sikusowa munthu. N'zoona kuti galimoto zakale za manyuwo zinkalira chomwecho, koma woyendetsa amene wazolowera otomatiki zaka zisanu alibe chizolowezi chogwedeza ndodo asanapotokole kiyi. Kaswichi koika pa chopondera klachi, koti sitata izungulire pokhapokha klachi yapondedwa, ndi kotsika mtengo ndipo kumanga kwake sikutenga ola. Mwini galimoto asalipire ndalama yomaliza asanaone kuti kalipo. Aonenso kuti magetsi a rivesi akuyaka, chifukwa nawonso ankadalira swichi yakale ija, ndi kuti sipidomita ikuwerenga zoona.

Kompyuta ndi nkhani ina. Pa Toyota zambiri bokosi limodzi limalamulira injini ndi giyabokosi pamodzi. Giyabokosi ikachotsedwa, bokosilo limapitiriza kufunafuna ma solenoid omwe kulibe, n'kuyatsa nyali ya check engine. Pa galimoto zina zimathera pa nyaliyo, koma pa zina injini imachepa mphamvu, imakwera ndi kutsika yokha ikaima, kapena imazima woyendetsa akaponda klachi pofika pamphambano. Mankhwala a pagalaja ndi odziwika: kuchotsa babu kapena kumata tepi yakuda pagalasi. Kuyambira tsiku limenelo galimoto ilibenso pakamwa ponenera kuti sensa ya okosijeni yafa kapena koyilo ikuphonya, ndipo mwini wake amadzadziwira pa pampu ya mafuta. Njira yoyenera ndi kuika kompyuta ya manyuwo ya injini yomweyo. Ngati galimoto ili ndi immobiliser, kompyutayo ibwere ndi kiyi wake ndi kabokosi kake, apo ayi injini idzangozungulira osalira. Pa galimoto zolizira batani zinthu zimapotanso, chifukwa kompyuta imafuna kumva kuti ndodo ili pa P isanalole injini kulira kapena magetsi kuzimiratu, ndipo ikapanda kumva imasiya zina zili zoyaka usiku wonse mpaka batire kutha.

Chopondera buleki chiyenera kutchulidwa pachokha. Pofuna malo a klachi, ena amadula chopondera chotambalala cha otomatiki ndi sowo, ena amachitenthetsa n'kuchipinda, ena amawotcherera chopondera klachi ku chitsulo chilichonse chomwe chapezeka pansi pa dashibodi. Kudula m'mbali mwa mphira wopondapo si vuto lalikulu. Kutenthetsa kapena kuwotcherera mwendo wa chopondera buleki ndi kusewera ndi miyoyo ya anthu. Chimodzimodzi khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi anthu: likaboledwa pamalo opyapyala popanda kulilimbitsa, limapindika nthawi iliyonse klachi ikapondedwa, magiya amavuta kulowa, ndipo tsiku lina limang'ambika. Galimoto imene fakitale inaitulutsanso ya manyuwo imakhala ndi chidindo pakhomapo posonyeza pomwe master cylinder imakhala, nthawi zina ndi mabowo a mabawuti omwe. Makaniko akasuzumira n'kupeza chidindocho, ntchito yayamba bwino.

Chidindo chimenecho ndicho chimalekanitsa galimoto zoyenera kusintha ndi zosayenera. Hiace yakale, imene inapangidwa kuyambira 1989 mpaka 2004, ya injini za dizilo za 3L kapena 5L, ndi chitsanzo chabwino. Za manyuwo zinapangidwa zambirimbiri, masipeya ali paliponse kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, injini zake zambiri sizidalira kompyuta, ndipo galimotoyo imagwira ntchito yolemetsa tsiku ndi tsiku. Mwini minibasi yotere amene otomatiki yake yafa sakulakwitsa kuika manyuwo. Probox ya pakati pa 2002 ndi 2014 nayonso inkatuluka ya manyuwo ya magiya asanu, chimodzimodzi Corolla NZE121 ndi Nissan AD yakale. Pa zimenezi giyabokosi ya manyuwo imamwetsa mafuta ochepa kuposa otomatiki ya magiya anayi, makamaka m'tauni, ndipo kwa takisi yoyenda tsiku lonse kusiyanako kumaoneka m'thumba pakutha pa mwezi.

Koma mu 2014 Toyota inasintha Probox n'kusiya manyuwo, zonse zinayamba kutuluka za CVT. Sienta yoyamba, imene yadzaza m'misewu ngati takisi, ku Japan sinatulukepo ya manyuwo. Honda Freed ndi Toyota Voxy chimodzimodzi. Sienta ndiyo imakopa anthu kwambiri, chifukwa injini yake ndi 1NZ yomweyo, ndipo giyabokosi ya Corolla imamangika ku injiniyo. Mavuto amayambira m'kati mwa galimoto. Pomwe phazi lamanzere likanaponda klachi pali kale chopondera cha buleki yoimikira, ndiye pafunika kupanga handibuleki yatsopano ndi makebulo ake. Pansi palibe malo a ndodo ya giya. Kompyuta ya manyuwo yopangidwira galimoto imeneyo kulibe, ndiye pafunika kubwereka ya galimoto ina n'kulumikiza mawaya mmodzimmodzi. Amakaniko aluso alipo amene amakwanitsa, ndipo luso lawo n'loyenera ulemu. Koma chimene chatuluka ndi galimoto yomwe amaidziwa ndi munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Akasamukira ku Joni, wina aliyense wotsegula boneti amayamba n'kufunsa kuti waya uyu akupita kuti. Cholinga chinali kupeza galimoto yokonzeka paliponse, mapeto ake ndi galimoto yokonzeka pagalaja imodzi.

Nkhani ya mafuta nayo siigwira pa CVT. CVT yabwinobwino imamwa mofanana ndi manyuwo, nthawi zina pang'ono kuposa, chifukwa imasunga injini pa liwiro lotsika pamsewu wautali. Wochotsa CVT yamoyo poganiza kuti apulumutsa petulo wataya ndalama pachabe. Za hybrid monga Aqua ndi Prius zisayesedwe n'komwe. Mmene ena amati ndi giyabokosi muli mamota awiri amagetsi, ndipo imodzi mwa iwo ndi imene imaliza injini ndi kutchaja batire. Ikachoka, palibe sitata, palibe olitaneta, palibe galimoto.

Enanso amati otomatiki ndi yoopsa potsetsereka, ndipo amatchula Chiweta, Thabwa kapena msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Choopsa pamenepo ndi kutsika phiri lonse ndodo ili pa D phazi lili pa buleki mpaka mabuleki kupsa. Pandodo yomweyo pali 2 ndi L, pa CVT pali S kapena B, ndipo ntchito yake ndi imeneyo, kugwira galimoto ndi injini. Kuphunzitsa dalaivala zilembo ziwirizi n'kwaulere.

Pali gulu lina lomwe masamu onsewa sakuwakhudza, ndipo silifunika kuwerengeredwa ngati amalonda. Awa ndi okonda galimoto amene amamanga yawoyawo kuti azisangalala nayo, kuzunguza matayala mpaka utsi kapena kuiterereketsa pokhota. Chikhalidwechi chinakula kwambiri m'malokeshoni a ku South Africa monga Soweto, komwe BMW 325i ya E30, yotchedwa gusheshe, ndi mfumu, ndipo masewerawa amafuna klachi ndi galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo. Kumeneko n'kofalanso kuika injini ya V8 ya Lexus, 1UZ, m'mabaki ndi m'galimoto zakale. Injini imeneyi fakitale inaitulutsa ndi otomatiki yokha, choncho oimanga amagula chimbale cholumikizira, flywheel yosula mwapadera ndi kompyuta yapadera monga Spitronics kuti igwirizane ndi giyabokosi za manyuwo za Toyota monga W58 kapena R154. Wachinyamata wa kuno amene ali ndi Altezza ali ndi mwayi, chifukwa inkatulukanso ya manyuwo ya magiya asanu ndi limodzi. Wa Mark X aganize kawiri. Kupatula mtundu wapadera wa GRMN, umene mu 2015 unapangidwa galimoto 100 zokha, Mark X yonse ndi ya otomatiki, ili ndi buleki yoimikira yoponda ndi phazi, ndipo injini yake imadalira kompyuta pa chilichonse. Wofuna kusewera achita bwino kuigulitsa n'kugula galimoto yomwe inabadwa ndi klachi. Ngati akakamirabe, ndi ndalama zake ndi chisangalalo chake, bola adziwe kuti walira mvula walira matope, ndipo asayembekezere kuti pogulitsa wina adzamubwezera zomwe anathira. Giyabokosi ikhalenso yolingana ndi mphamvu ya injini. Yochokera m'galimoto ya masilinda anayi ikamangidwa kumbuyo kwa V8, giya yachitatu siiona Khirisimasi.

Kwa wamalonda, chigamulo chichokere papepala. Masipeya onsewa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene munthu anamva kwa mnzake chaka chatha ndi mbiri yakale chabe. Pafunika mitengo itatu ya sabata yomweyo. Woyamba ndi wokonza otomatiki yomwe ilipo, ngati makina oyezera asonyeza kuti ingakonzeke. Wachiwiri ndi wogula otomatiki ina yofanana nayo, kuphatikiza oyilo woyenera, sefa ndi kutsuka kapena kusintha radiyeta. Wachitatu ndi wa kusintha konse, chilichonse chitalembedwa, kuphatikizapo klachi yatsopano, oyilo wa giya, wamagetsi ndi makaniko. Pa wachitatuwo aonjezerepo ndalama imene galimoto ikanapanga masiku onse omwe idzakhale pagalaja. Kuika otomatiki ina ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Kusintha kwa manyuwo, zipangizo zikakhala zosakwana, kumadya masabata, ndipo ngongole ya kubanki kapena ya banki mkhonde siidikira kuti makebulo afike.

Pogula, giyabokosi ya manyuwo iyesedwe ili pansi. Magiya onse alowe pamanja, shafuti izungulire popanda kukhulana kapena kugwedera, ndipo bawuti yotulutsira oyilo itsegulidwe kuti aone ngati maginito ake agwira tizidutswa ta mano. Fumbi lachitsulo losalala si vuto, koma tizidutswa tomveka pachala ndi chenjezo. Chomwe sichingaoneke pansi ndi ma synchro otha, omwe amadziwika galimoto ikuyenda giya yachiwiri ikayamba kukhadzula. N'chifukwa chake lisiti ilembedwe masiku obwezera, ndipo masikuwo ayambe kuwerengedwa galimoto ikatuluka m'galaja. Ambiri amapatsidwa sabata imodzi, yomwe imatha giyabokosi idakali pansi kudikira flywheel. Makaniko alipidwe m'zigawo, chomaliza pambuyo poyenda mtunda ndi katundu. Zochotsedwa zonse, giyabokosi yakale, torque converter, mashafuti, kompyuta ndi ndodo, ndi katundu wa mwini galimoto, ndipo zili ndi msika. Zikasiyidwa pagalaja zimagulitsidwa ndithu, koma ndalama yake imalowa m'thumba lina.

Mapepala asaiwalike. Ngati pamodzi ndi giyabokosi pasinthidwanso injini, monga zimachitikira pogula half-cut, nambala ya injini siigwirizananso ndi yomwe ili mu blue book, ndipo zimenezi zikakonzedwe ku Road Traffic zisanadzavute pa COF kapena pogulitsa. Lisiti yosonyeza komwe injiniyo inagulidwa isungidwe. Kampani ya inshulansi iuzidwe mwa kalata kuti galimoto yasinthidwa. Tsiku la ngozi woyeza akapeza zopondera zitatu m'galimoto yomwe nambala ya chasisi ikuti ndi ya otomatiki, kampani ili ndi poyambira kukana kulipira.

Pogulitsa napo pali masamu. Minibasi kapena Probox ya manyuwo yomangidwa bwino ili ndi ogula ambiri, makamaka ochita malonda m'maboma. Galimoto yapabanja ndi nkhani ina. Ogula a m'tauni, amene m'mawa uliwonse amakwawa pamzere wa mumsewu wa Masauko Chipembere kapena pa mlatho wa Lilongwe, ambiri amafuna otomatiki, ndipo akamva kuti galimoto inasinthidwa amatsitsa mtengo kapena kuchokapo.

Amene akugula galimoto ya manyuwo yomwe akuikayikira ali ndi njira zosavuta zodziwira. Pa Toyota, kachitsulo kapena kapepala ka nambala ya chasisi kamalembanso dzina la giyabokosi yomwe galimoto inabadwa nayo. Pa zokoka ndi matayala akutsogolo za zaka zimenezi, dzina loyamba ndi U kapena A ndi otomatiki, loyamba ndi K ndi CVT, loyamba ndi C ndi manyuwo. Pa dashibodi ya galimoto yosinthidwa kawirikawiri pamakhalabe zilembo za P, R, N ndi D zosayaka, ndipo pansi pa radiyeta pamaoneka timapaipi tiwiri totsekedwa kapena tolumikizidwa ndi kapaipi kamphira. Kupeza zimenezi si chifukwa chothawira, koma ndi chifukwa chogwada ndi tochi n'kuyang'ana zopondera ngati zili zomangidwa ndi mabawuti kapena zowotcherera. Kenako apotokole kiyi mpaka magetsi a dashibodi ayake injini isanalire. Nyali ya check engine iyenera kuyaka pamenepo n'kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, babu linachotsedwa, ndipo mtengo wa kompyuta ya manyuwo ndi wamagetsi woimanga uchotsedwe pa mtengo wa galimotoyo asanagwirane chanza.